Ng'ala Imene Tinkaidikira

Kwathu, kufupi ndi Nsipe, panali nthawi imene tsiku silinkayamba wina asanasuzumire m'maso mwa ababa. Dzuwa likangofika pakhonde, iwo ankakokera kampando kawo poyera, n'kukweza chibwano, n'kutong'ola maso ngati mwana amene mwamugwera kachitsotso. Amayi ankapukuta manja pachitenje, n'kukweza chikope ndi chala, n'kuyang'anitsitsa. Loweruka ndikabwera kuchokera ku Manjawira, kumene ndinkaphunzitsa, ntchitoyo inkakhala yanga.

"Yayamba kuyera?" ankafunsa motero.

"Ayi, ababa. Mwana wa diso adakali wakuda bii."

"Basi, sinakhwime."

Tinkadikira ng'ala. Maso a ababa anali atayamba kuchita chidima, ndipo banja lonse linkadziwa, mmene anthu amadziwira zinthu zimene sanafunse kwa wina aliyense, kuti imeneyo inali ng'ala, kuti tsiku lina idzayera pamwana wa diso, ndipo ikadzatero madokotala adzaichotsa, ababa n'kuyambanso kuona. Tinkayang'ana tsiku ndi tsiku ngati anthu odikira mapapaya kuti apse.

Ababa anali mmisiri womanga nyumba, ndipo anali odzimva nazo. Masitolo angapo a pa Nsipe anamanga ndi iwo, ndipo kuyenda nawo pamsewu kunali kotopetsa chifukwa sankadutsa khoma la mmisiri wina osalinena. Ankaima, n'kutsinzina diso limodzi, n'kupukusa mutu. "Khoma ilo laledzera," ankatero, mwini nyumba ali pomwepo akumva. Levulo, kachida koyesera kuwongoka kwa khoma, ankayenda nayo m'chikwama, koma ankati amaitenga kuti eni nyumba asadandaule, poti levulo yeniyeni ndi diso lawo. Ine ndinkachita nazo manyazi ndili mtsikana, koma sindinawapezepo atanama. Akati khoma lapendekeka, chingwe chinkavomereza.

Matenda a shuga anawapeza nawo ine nditangoyamba ntchito. Anayamba ndi ludzu losatha, kenaka mathalauza anayamba kuwagwa m'chiuno, ndipo pantchito ankangokhalira kuzemba kupita kuseri. Amayi ndi amene anawakokera kuchipatala, ndi mkangano womwe. Anabwerako ndi mapilitsi ndi malamulo. Mapilitsiwo ankamwa, zimenezo ndiwachitira umboni. Malamulo ndiye ankasankhamo. Shuga wa mu tiyi anasiya, ndipo ankaonetsetsa kuti mlendo aliyense wadziwa kuti anasiya. Koma thobwa ankati ndi chimanga chabe, mandasi ankati ndi ufa chabe, ndipo mwini nyumba akawagulira chakumwa cha m'botolo dzuwa lili paliwombo, ankati kukana n'kunyoza munthu.

Amayi amakumbukira bwino kuti tsiku loyamba lomwelo namwino anawauza za maso. Anati munthu wa shuga azikapimitsa maso chaka chilichonse, ngakhale akuona bwinobwino. Ababa anavomera ndi mutu mwaulemu, koma atangotuluka pageti anati, "Shuga ali m'magazi. Nanga maso akulowa bwanji pamenepa? Ine ndikuona msomali uli padenga ndili pansi." Ndipo zinalidi choncho, ankauona. Zaka zinadutsa akuuonabe.

Pakatipa m'pamene panachitikira za amalume, mchimwene wa amayi, amene amakhala kutsidya kwa dambo. Iwo ndiye anali ndi ng'ala yeniyeni, maso onse awiri oyera ngati mwathiridwa mkaka. Pamene inkangoyamba, anapita kukaonetsa kwinakwake, ndipo akuti anauzidwa kuti idakali yaing'ono, adzabwerenso. Kaya anawauza mawu otani kwenikweni, palibe akudziwa, koma amene anafika nawo kumudzi anali akuti, "Akuti ikhwime kaye." Anadikira mpaka anafika potsogoleredwa ndi ndodo. Kenaka kunabwera madokotala a maso kuboma, amalume anapita, anagonako, n'kubwerako ndi pulasitala. Atamatula, chinthu choyamba chimene anachita n'kudandaula kuti palibe anawauza kuti akazi awo achita imvi. Mudzi wonse unakhamukira kumeneko. Anthu ankawaonetsa zala kuti awerenge, ana ankabisala kuseri kwa nkhokwe kuti awatchule mayina, ndipo amayi analira ndi chisangalalo. Kuyambira tsiku limenelo amalume anakhala dokotala wa maso wa dera lathu lonse, wopanda sukulu koma wa umboni.

Ababa anayamba ndi felemu ya chitseko cha kutchalitchi. Lamulungu lina tikutuluka anaima, n'kutsinzina diso monga mwa nthawi zonse, n'kunena kuti felemuyo yapindika pakati. Akuluakulu ampingo anaiyang'ana, osaona kanthu, koma poti ananena anali ababa, anagwirizana kuti mwina ndi chiswe. Sabata yotsatira anati mapolo amagetsi a m'mbali mwa msewu akhota. Kenaka mizere ya m'buku la nyimbo inayamba kuwavinira. Tsiku lina ndinawapeza ataika Baibulo patebulo, akulisita ndi chikhatho kuti tsamba liwongoke, tsambalo lili lowongoka kale.

Amalume anaitanidwa. Anabwera ndi chipewa chawo, anawakhazika ababa padzuwa, n'kuwakweza zikope ngati munthu wogula mbuzi.

"Alamu, iyi ndi ng'ala," anatero. "Inenso inandiyamba chonchi, kuona ngati pali nkhungu. Koma musathamangire kuchipatala, akakubwezani ngati mmene anandibwezera ine. Idikireni iyere kaye. Ikayera, n'kanthu kochepa, mukagona tsiku limodzi basi."

"Ndiye mwati ndidzaona imvi za achemwali anuwa?" anatero ababa.

"Mudzaziona, ndipo mudzanong'oneza bondo kuti munachiritsidwiranji."

Tonse tinaseka, amayi n'kuwaopseza ndi chipande. Umo ndi mmene mwambo wa pakhonde uja unayambira. Inenso ndinakhulupirira. Ndinali nditawaona amalume akutsogoleredwa ndi ndodo, ndinali nditawaonanso akulowetsa ulusi pasingano, ndiye ndikanatsutsa ndi chiyani?

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti diso silinapwetekepo. Likanapweteka, likanafiira, likanatulutsa manthongo, amayi akanawanyamula kumsana n'kupita nawo. Dzino limene ndi kanthu kakang'ono limamugoneka munthu wamkulu pansi mpaka akalichotse. Koma maso a ababa anali okongola, oyera m'mbali, akuda pakati, onyezimira kuposa anga. Munthu ukamawayang'ana unkadziona wekha mmenemo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ananena zosiyana. Pa Nsipe pali bambo wina wachisilamu amene amagulitsa simenti, misomali ndi malata, ndipo ababa ankagula kwa iye kuyambira kalekale. Nayenso ndi wa shuga, moti ankakumana pamzere wolandira mankhwala. Tsiku lina ndinawaperekeza ababa kusitoloko, ndipo anapempha misomali ya mainchesi anayi, n'kuikana atapatsidwa, amvekere yonse ndi yopindika. Bambo uja anaiyang'ana misomaliyo, n'kuwayang'ana ababa nthawi yaitali.

"Achimwene, maso munapimitsa liti?"

"Ndi ng'ala. Tikudikira ikhwime."

"Wakuuzani kuti ndi ng'ala ndani? Ine chaka chilichonse ndimapita. Amandidontheza mankhwala, mwana wa diso n'kukula, ndiye amaunika mpaka kumbuyo. Anandiuza kuti shuga amadya kumbuyoko, kumene munthu sungaone ngakhale utayang'ana pagalasi. Pitani, achimwene. Musadikire kuti muone kanthu kunja."

Ababa anaseka. "Inu amalonda mumaopa chilichonse. Mukangoyetsemula, mwatseka sitolo."

Bambo uja sanaseke nawo. Anakulunga misomali ija papepala, ndipo pondipatsa anandigwira dzanja pang'ono, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, apititseni bambowa."

Madzulo ake ndinaiyambitsa nkhaniyo kunyumba, amalume ali pomwepo. Amalumewo anangofunsa kuti: kodi wasitoloyo anachotsedwapo ng'ala? Nanga pakati pa iye ndi iwo, amene anagonapo patebulo la madokotala ndani? Ababa anawonjezera kuti chinali chilimwe, nthawi yomanga, ndipo sakanataya tsiku lathunthu kukadonthezedwa mankhwala oti akuti munthu amakhala osaona bwino mpaka madzulo. Anati mvula ikagwa tidzapita. Mvula itagwa anati tipalire kaye. Titapalira anati tikolole kaye, ndipo titakolola chinali chilimwe china.

Chilimwe chimenecho ndi chimene anandimangira nyumba. Ndinali nditapeza kamalo kumtunda kwa msika, ndipo sizikanatheka n'komwe kuti ndiitane mmisiri wina iwo ali moyo. Maziko anayenda bwino, makoma atatu anakwera bwino, chifukwa anthu awo antchito ankatsata chingwe. Vuto linabuka pakhoma la kum'mawa, lalitali lija la pabalaza. Litafika m'chiuno, ababa anaima pakona, n'kutsinzina diso, n'kulamula kuti aligwetse. Antchito anawaonetsa chingwe, iwo anati chingwecho chafutuka. Anawaonetsa levulo, iwo anati levuloyo yatha ntchito, n'kuiponya pamulu wa mchenga. Khomalo analimanganso okha, njerwa ndi njerwa, motsata diso lawo, osalola munthu kuyandikira.

Ndinafika Loweruka masana, ndipo ndinaliona ndidakali kumsewu. Linayamba bwino pakona, pakati n'kutuluka mimba, kenaka n'kubwerera. Antchito anali atakhala pamthunzi, onse maso pansi. Ababa anandichingamira akupukuta manja, nkhope ili ngwee.

"Aphunzitsi, taonani," anatero, poti ndi mmene ankanditchulira akamandiseka. "Anyamatawa amafuna akupatseni khoma loledzera. Tsopano lawongoka."

Ndinati zikomo, ababa. Ndinali nditaonapo anthu a ng'ala ambiri, ndipo onse ankadandaula kuti sakuona. Ababa sankadandaula kuti sakuona. Ankaona, koma zimene ankaonazo sizinali zimene zinalipo, ndipo ankazikhulupirira kuposa chingwe. Apa m'pamene mantha anandigwira koyamba, ndipo sanandisiyenso.

Kenaka kunabwera ntchentche. Tikamadya, ababa ankakupiza dzanja pamaso, n'kumakalipa kuti amayi sakuvundikira chakudya. Panalibe ntchentche ngakhale imodzi, unali mwezi wozizira. Pambuyo pake anati pali ulusi wa kangaude umene ukuwatsata kulikonse kumene ayang'ana, ndipo ankadzipukuta kumaso ndi mpango mpaka khungu kufiira. Amayi anasesa denga lonse kuti mtima wawo ukhale pansi. Mmawa uliwonse ankawayang'anabe padzuwa, ndipo yankho linali lomwe lija, wakuda bii.

Mmawa wina anadzuka n'kufunsa amene akuwotcha zinyalala m'nyumba. Anati diso lakumanzere ladzaza utsi, utsi wofiirira, ndipo akatseka lakumanja sakuona ngakhale chitseko. Amayi anandiimbira foni ndili m'kalasi, ndipo ndinakwera minibasi yoyamba imene inaima. Ndinawapeza atakhala pakhonde, amalume ali pambali pawo, onse awiri ali phee ngati anthu amene alandira uthenga wabwino.

"Ikukhwima tsopano," anatero amalume. "Ikamafika kumapeto imathamanga."

Ndinagwada, n'kukweza chikope cha ababa. Munalibe kanthu. Munalibe utsi, munalibe kuyera, munali nkhope yanga yokha ndi mtengo wa mapeyala uli kumbuyo kwanga.

"Ababa, tiyeni kuchipatala lero lomwe."

"Ndikawauze kuti chiyani? Diso lakuda chonchi? Akandiseka, akati mkuluyu akufuna magalasi a fashoni."

"Akakusekani n'chiyani? Wasitolo uja ananena kuti…"

"Aphunzitsi, kuno si kusukulu," anatero, ndipo ulendo uno sankaseka. "Ine sindipita kukaima pamzere kuti kamwana kovala zoyera kandibweze pamaso pa anthu. Ikayera ndipita ndekha, simudzachita kundiuza."

Ndinakalipa, ndinalira, ndinanena mawu ena amene mwana sanena kwa bambo ake, mpaka amayi ananditulutsa n'kupita nane kuseri. Iwonso ankaopa, koma anali pakati pa mwamuna wawo ndi mchimwene wawo, ndipo onse awiri ankanena chimodzi. Choipa kwambiri n'chakuti patapita masabata angapo utsi uja unayamba kuchepa wokha. Ababa anayambanso kuona chitseko, kenaka nkhuku pabwalo. Kutchalitchi anaimirira n'kuthokoza chifukwa cha mapemphero. Kwa ine ananditumizira uthenga kudzera mwa amayi, wakuti aphunzitsi auzidwe kuti wodwala wawo wachira popanda jakisoni.

Sanachire. Utsi unabweranso, n'kuchoka, n'kubweranso, ndipo ulendo uliwonse unkasiya chidima chochulukirapo. Kenaka unalowa diso lakumanja. Ntchito anasiya osalengeza, ankangoti eni nyumba a masiku ano ndi ovuta. Ankathira madzi pambali pa kapu. Ankapereka moni kwa munthu poyang'ana paphewa pake. Pabwalo anaphunzira kuyenda ngati akuona, moti alendo sankadziwa, ndipo ena ankati mkuluyu akungofuna kutumikiridwa. Mwambo wa pakhonde sunaphonye ngakhale tsiku limodzi, koma tsopano funso lija ankalifunsa ndi mawu ena, ngati munthu wofunsa ngati basi yatulukira.

Chimene chinathetsa kudikira ndi msewu. Tsiku la msika anazemba okha kupita pa Nsipe, ndipo podumpha msewu waukulu analowa kutsogolo kwa lole yonyamula mbatata. Amene anaona akuti dalaivala anaimba hutala kuchokera kutali, ababa n'kuima pakati penipeni, akutembenuka uku ndi uku, osadziwa kumene ikuchokera. Anawakoka ndi jekete ndi bambo wasitolo uja, onse awiri n'kugwera m'ngalande. Anawabweretsa kunyumba yekha, atatseka sitolo, ndipo sananene kuti ndinakuuzani. Anangowauza amayi kuti wamva zoti madokotala a maso akubwera kuboma sabata yotsatira.

Amalume atamva anasintha chiphunzitso chawo pang'ono. Anati pali ng'ala ina imene imakhwimira m'kati, yosaonekera kunja, ndipo ya alamu awo iyenera kuti ndi imeneyo, tsopano yakwana. Ndi mawu amenewo ababa anavomera kupita. Anavomera mosangalala. Anauza amayi kuti asite jekete la ku ukwati, anatsanzika kwa anansi, ndipo anandiuza kuti ndigule laimu chifukwa akabwerako adzamaliza okha kupaka nyumba yanga. Amayi anagwira tambala n'kumumanga mwendo kuti adzaphedwe tsiku lobwerera, monga zinachitikira kwa amalume.

Pamzere kuchipatala panali nkhalamba zambiri, pafupifupi zonse za maso oyera, aliyense ndi womutsogolera. Ababa anali okhawo a maso akuda. Ankacheza ndi oyandikana nawo, kuwalimbitsa mtima, kuwafotokozera za alamu awo amene anaona imvi za akazi awo. Titalowa anawaimika kutsogolo kwa chikwangwani cha zilembo, ndipo sanaone ngakhale chachikulu cha pamwamba. Anawayandikizira zala, analephera. Anawagwedezera dzanja pamaso, lakumanja linaona kuti chinachake chikuyenda, lakumanzere ayi. Kenaka anawadontheza mankhwala aja, amene tinkawathawa chifukwa chotaya tsiku limodzi la ntchito, ndipo tinadikira panja mpaka mwana wa diso anakula.

Dokotala anali mayi wa msinkhu wanga. Anawakhazika m'chipinda chamdima, chibwano pakachitsulo, n'kuyatsa kanyali. Anaunika diso lakumanja nthawi yaitali, n'kupita kumanzere, n'kubwereranso kumanja. Ine ndinkayang'ana nkhope yake, ndipo ndinaona pamene anasiya kumwetulira.

"Bambo, muli ndi matenda a shuga?"

"Eya, koma mankhwala ndimamwa."

"Chiyambireni, maso munapimitsapo?"

"Ayi. Timadikira ikhwime."

"Ikhwime chiyani, bambo?"

"Ng'alayo."

Dokotala anazimitsa kanyali kaja, n'kukokera mpando wake pafupi. Analankhula pang'onopang'ono, mwaulemu, ndipo ndimamuthokoza chifukwa cha zimenezo. Anati kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kamene kamalandira kuwala, kodzaza ndi timitsempha ta magazi tating'onoting'ono. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, timitsempha timeneti timafooka n'kuyamba kuchucha, kachikopako n'kutupa, ndipo m'pamene munthu amaona zinthu zowongoka ngati zopindika. Kenaka diso limameretsa timitsempha tina tosalimba timene timaphulika, ndipo ntchentche zija, ulusi uja ndi utsi uja anali magazi. Magazi akauma amasiya zipsera, zipserazo n'kumakoka kachikopa kaja mpaka kukamatula. Zonsezi zimachitika popanda ululu, ndipo kunja diso limaoneka labwinobwino.

Ababa anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu monga ankachitira mwini nyumba akamafotokoza pulani.

"Ndamva, adokotala. Ndiye muchotsa liti?"

"Palibe chochotsa, bambo. Ng'ala mulibe."

Panja wina ankaitana dzina la wodwala wotsatira. Ababa anafufuza chipewa chawo pamiyendo, n'kuchigwira ndi manja awiri.

Anatitumiza kuchipatala chachikulu mumzinda, ndipo tinapitako maulendo angapo. Diso lakumanzere anati latha. Lakumanja analiwotcha ndi makina a kuwala kuti timitsempha tija tisapitirire kuphulika, ndipo anatiuziratu kuti zimenezo n'zoteteza chotsala, osati kubweza chimene chapita. Chotsalacho ndi kusiyanitsa usana ndi mdima, ndi kuona chithunzithunzi cha munthu akaima pakhomo. Ine ndi pakamwa pangapa ndinafunsa funso limene sindikanayenera kufunsa ababa ali pomwepo, loti zikanatheka liti. Dokotala wa kumeneko anati nthawi yabwino inali pamene ankaona bwinobwino, ndipo ngakhale pamene mizere inayamba kupindika, pakanakhala zambiri zoti n'kupulumutsa. Ananenanso kuti anthu a shuga nawonso ng'ala imatha kuwagwira akamakula, ndiye tizibwerabe kudzaonetsa. Pa zonse zimene zinanenedwa tsiku limenelo, ababa anatolapo mawu amenewo okha.

Tambala uja amayi anamumasula mwakachetechete. Amalume anabwera madzulo a tsiku limene tinabwerera koyamba, anakhala pakhonde chipewa chili pabondo. Sindidana nawo. Anapereka chimene anali nacho, ndipo chinali chitawachiritsa iwo. Koma mpaka pano mayi wina akabwera kudzawaonetsa maso, ndimamva kuti amamuuza kuti apite kuchipatala, iwo n'kulowa m'nyumba.

Chodabwitsa n'chakuti mwambo wa pakhonde sunathe. Mmawa wotsatira ababa anakokera kampando kawo padzuwa n'kukweza chibwano. Amayi anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana, kenaka anapukuta manja n'kupita. Ababa anali ataganiza kuti poti ng'ala ikhoza kubwerabe, ndiye kuti tsiku lina padzapezeka chochotsa, ndipo akadzachotsa adzaona. Tinayesa kuwafotokozera, koma pambuyo pake tinaleka. Munthu amene ankanyoza makoma a anzake pamsewu anafika pomapempherera ng'ala, ndipo ife tinkamuyankha mmawa uliwonse kuti sinabwere.

Nyumba yanga anamaliza ndi amisiri ena. Onse amene anabwera ankafuna kugwetsa khoma la kum'mawa, ndipo onse ndinawakaniza. Kabati siikhala bwino pakhomapo, imasiya mpata umene mumalowa mbewa, koma ndinazolowera. Ndikukhala m'nyumbamo m'pamene nanenso anandipeza ndi shuga, nditapita kuchipatala ndi nkhani ina. Sindinawauze ababa, koma amayi sasunga chinsinsi kwa mwamuna wawo.

Chaka chatha amayi anapita kumaliro kwa Kasinje n'kukagonako, ndiye ndinawatenga ababa kuti adzakhale kwanga. Aka kanali koyamba kugona m'nyumba imene anamanga. Masana ake ndinkasenda mbatata pabalaza, iwo n'kumayendayenda kuti aphunzire nyumbayo, chikhatho chili pakhoma. Anadutsa khoma lakumpoto osanena kanthu. Atakhota pakona n'kuyamba la kum'mawa, anayenda pang'ono n'kuima. Anabwerera pakona, n'kuyambiranso, ulendo uno ndi manja awiri, pang'onopang'ono, mpaka pamimba paja.

"Khoma ili anamanga ndani? Laledzeratu ili."

Ndinasiya kusenda. Mpeni unali m'manja, mbatata ili m'manja.

"Ndikufunsa, aphunzitsi. Munaitana ndani kuti…"

Anasiyira pomwepo. Manja awo anakhalabe pakhomapo. Ndinawaona akuwerenga makona ndi mutu, kumpoto, kum'mawa, kumene kuli msewu, kumene kumatulukira dzuwa.

"Ili ndi lija ndinagwetsa," anatero.

"Eya, ababa."

"Chingwe chija chinali bwino."

"Chinali bwino."

"Ndiye kuti nthawi imene ija zinali zitayamba kale."

Sanadye bwino tsiku limenelo, ndipo anakagona dzuwa lisanalowe. Mmawa ndinawamva akukoka mpando kupita pakhonde. Ndinapukuta manja n'kuwatsatira monga mwa masiku onse, ndipo ndinagwada n'kutambasula chala kuti ndikweze chikope. Anandigwira dzanja, n'kulitsitsa.

"Zisiye, mwana wanga. Mulibe kanthu mmenemo. Amayi ako akuti nawenso anakupeza ndi shuga."

"Eya."

"Ukuona bwino?"

"Ndikuona bwinobwino, ababa."

"Inenso ndinkaona bwinobwino. Wapita liti kukapimitsa?"

Ndinawauza zoona, kuti chaka chimenecho ndinali ndisanapite, chifukwa tinali pakati pa mayeso ndipo ndinkadikira kuti sukulu itsekere. Sananditaye dzanja.

"Kavale," anatero. "Ine ndikhala pompano mpaka ubwere."